Lipoti: masamba otsegukira kolakwika pa netiweki yogawana ku Mangochi Boma

Nyumbayi ndi yosanja kamodzi, ili pa Boma, kamtunda kochepa kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi. M'mwamba muli ofesi ya kabungwe kena kogwira ntchito ndi asodzi a ku nyanja ya Malombe, ndiponso chipinda cha bambo wina wowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono. Pansi pali shopu yotayipa, kupulinta ndi kufotokopa, ndipo pambali pake pali kauntala ya ejenti wotumiza ndalama pa foni. Onsewa amasonkherana kulipira intaneti imodzi mwezi ndi mwezi. Intanetiyo imatsikira pa chimbale cha padenga, imalowa mu rauta ya MikroTik yomwe ili mu ofesi ya bungwe, kenako switch yopachikidwa pakhonde imagawa mawaya m'zipinda zonse. Makompyuta a patebulo alipo 11. Malaputopu ndi mafoni ndiye sawerengeka, amangolowa ndi kutuluka.

Dandaulo

Anandiitana ndi mayi oyang'anira ofesi ya bungwe. "Achimwene, makompyuta onse agwidwa vairasi. Ukalemba tsamba ili, likutseguka lina." Masamba otsegukawo anali a kubetcha mpira, ena onena kuti mwawina foni, ena olamula kuti browser yanu yatha ntchito muike yatsopano. Kangapo panatulukanso zithunzi zolaula, tsiku lina pamaso pa agogo omwe anabwera ku shopu kudzapulintitsa kalata ya mdzukulu wawo yopita nayo ku sekondale. Koma Facebook, Gmail ndi WhatsApp Web zinkayenda bwinobwino.

Ndisanafike, wina anali atafomata kale makompyuta anayi, n'kulipidwa. Vuto linabwerera sabata isanathe. Antivayirasi ankaiyendetsa m'mawa uliwonse ndipo inkangoti zonse zili bwino.

Ndisanakhudze kompyuta iliyonse ndinayamba ndazungulira zipinda kufunsa zinthu zitatu: ndi makompyuta ati omwe akuchita zimenezi, nthawi yanji, nanga laputopu ikatuluka m'nyumbamo zimatha bwanji. Mayankho anali osokonekera, koma kusokonekera kwakeko ndiye kunali ndi nkhani. Ku shopu vuto linali la tsiku lililonse. M'mwamba linkabwera ndi kupita, ndipo Lolemba m'mawa nthawi zambiri kunkakhala bata. Mtsikana wolemba malipoti ku bungwe anati laputopu yake akapita nayo kwawo ku Mpondasi n'kuilumikiza pa hotspot ya foni, sichita zimenezi ngakhale kamodzi. Bambo owerengera ndalama aja anati iwo akungomva kwa anzawo, kompyuta yawo sinachitepo. Ndiye ejenti uja, ali mkati mowerenga ndalama za kasitomala, anangoponya mawu akuti, "Bwana, ine ndaona kuti magetsi akazima n'kubwera ndiye zimanyanya." Anthu anaseka, wina mpaka anati vairasi yake ndi yoyendera magetsi. Mwa onse m'nyumbamo, amene anaona bwino anali iyeyu.

Laputopu yomwe ikudwala mu ofesi n'kuchira kunyumba ilibe matenda m'kati mwake. Makompyuta ofomatidwa dzulo sangadwale onse matenda amodzimodzi lero pokhapokha ngati chowadwalitsacho chili kunja kwawo. Izi zokha zinali zokwanira kusiya kuyang'ana m'mahadi disiki n'kuyamba kufunsa kuti ndani akuuza makompyutawa njira.

Zomwe makompyuta ananena

Kompyuta sidziwa mayina a masamba, imadziwa manambala. Munthu akalemba dzina la tsamba, kompyuta imafunsa seva ya DNS kuti dzinalo lili pa nambala iti, ndipo yankho lomwe yapatsidwa imalikhulupirira. Zili ngati woitanira pa depoti: iwe umangonena kuti Monkey Bay, iye ndiye amakulozera minibasi. Akakukweza ya ku Namwera, vuto silili m'miyendo yako.

Ndinatenga makompyuta awiri oyandikana mu ofesi ya bungwe, ina yomwe inkasochera tsiku limenelo, ina yomwe inali bwino. Pa yosocherayo ndinayamba ndi malo omwe mapulogalamu oipa amakonda kubisamo zinthu, kuti ndisadzabwererenso m'mbuyo. Fayilo ya hosts, yomwe imakhala pa C:\Windows\System32\drivers\etc, inalibe mzere wowonjezera. Proxy inali yozimitsa. Mu Chrome munalibe extension yachilendo. Kenako ndinatsegula Command Prompt pa makompyuta onse awiri n'kulemba ipconfig /all.

Pa kompyuta yabwinoyo, mizere itatu ya Default Gateway (khomo lotulukira pa intaneti), DHCP Server (chida chogawira makompyuta maadiresi) ndi DNS Servers yonse inkasonyeza 192.168.88.1, yomwe ndi MikroTik ija. Pa yosocherayo Default Gateway inali yomweyo, 192.168.88.1, n'chifukwa chake intaneti inkayenda. Koma pa DHCP Server panali 192.168.88.250, ndipo pa DNS Servers panali manambala awiri a kunja, osakhala a kampani yomwe imawapatsa intaneti, osakhalanso a Google, Cloudflare kapena Quad9. Nditawafufuza ndinapeza kuti ndi a maseva obwereketsa a ku Ulaya, a mtundu womwe aliyense angathe kuchita lendi ndi khadi la kubanki. Choncho m'nyumbamo munali zida ziwiri zogawa maadiresi, pomwe eni ake ankadziwa chimodzi.

Kuti nditsimikize kuti maseva awiriwo ndi onama, ndinagwiritsa ntchito nslookup, lamulo lofunsira seva ya DNS mwachindunji. Njira yachidule ndi kufunsa dzina lomwe kulibe, zilembo zongosakaniza zothera ndi .com. Seva yoona imayankha kuti Non-existent domain. Ya Google, 8.8.8.8, inayankha choncho. Yachilendoyo inapereka nambala, ndipo dzina lina lililonse lopeka lomwe ndinayesa inkaperekanso nambala yomweyo. Ndinayesanso mayina a timasamba tina takale tomwe anthu a m'nyumbamo amatsegula kawirikawiri, ndipo mayankho a maseva awiriwa anasiyana.

Apa ndi pomwe panali yankho la funso loti n'chifukwa chiyani Facebook ndi Gmail sizinkavuta. Tsamba la HTTPS limaonetsa satifiketi yotsimikiza kuti ndi lenileni, ndipo wokusocheretsa sangakhale ndi satifiketi ya dzina la mwini wake. Makampani akuluakulu anawonjezeranso lamulo lotchedwa HSTS, lomwe limauza browser kuti isayerekeze n'komwe kutsegula tsambalo popanda satifiketi yoyenera. Mwini seva yabodzayo akanati anamize pa Facebook, aliyense akanaona chenjezo tsiku lomwelo n'kuitanitsa wokonza. Ndiye pa mayina akuluakuluwo ankayankha zoona. Ankadyera pa masamba omwe adakali pa HTTP, opanda satifiketi, pa zotsatsa malonda zobisala m'kati mwa masamba oterowo, ndi pa mayina olembedwa molakwitsa. Mu shopu yotayipa, momwe makasitomala amangotchula dzina la tsamba pakamwa wina n'kumalemba, mayina olakwitsa ndi a tsiku ndi tsiku.

Ndinafunsanso mayina a mabanki omwe bungwe ndi bambo owerengera ndalama amagwiritsa ntchito. Pa amenewo maseva onse anayankha zofanana. Mtima unakhalako pansi, ngakhale kuti mwini seva yotere angathe kusintha yankho ola lililonse lomwe wafuna.

Kompyuta ya bambo aja inali ndi chinsinsi chake chaching'ono. Munthu yemwe anawaikira Windows zaka zapitazo analemba pamanja 8.8.8.8 pa malo a DNS. Adiresi inkalandira kwa aliyense woigawira, koma njira inkafunsa kwa Google.

Karauta kuseri kwa fotokopi

Kupeza mwini 192.168.88.250 sikunavute. Ping, lamulo logogoda pa adiresi kuti uone ngati pali chida, inayankha, arp -a inaonetsa adiresi yake ya MAC, nambala yomwe chida chimachoka nayo ku fakitale, ndipo zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira za MAC zimanena kampani yomwe inapanga chidacho. Inali kampani yopanga marauta otchipa a m'nyumba. Switch ya pakhonde ndi yosalankhula nayo, siingakuuze kuti chida chili pa doko liti, choncho ndinasiya ping -t ikuyenda pa laputopu n'kumazula mawaya m'modzim'modzi. Ping inaduka nditazula waya wopita ku shopu.

Karautako kanali kuseri kwa makina a fotokopi, pamwamba pa mabokosi a mapepala, kali fumbi lokhalokha. Mnyamata woyendetsa shopu sanabise kanthu. "Akulu, kameneka ndinaika ndine. Makasitomala amabwera ndi zinthu pa WhatsApp alibe bandulo, ndiye amafuna Wi-Fi kuti atumize tipulinte. Ya m'mwamba sifika kuno." Anati anamupatsa ndi amalume ake atabwera kuchokera ku Joni, pamodzi ndi katundu wina wogula kwa anthu. Ku Mangochi kuno zida zambiri za m'mashopu zimafika choncho, m'matumba a anthu ochokera ku Joni, ndipo zambiri zimagwira ntchito bwino. Vuto ndi loti zimafika ndi zomwe mwini wake woyamba anasiyamo.

Atakalumikiza koyamba, makompyuta ena anasowa intaneti, chifukwa karautako kankadzitchula kokha kuti ndiko khomo lotulukira pomwe kalibe kotulukira. Anaitana mnzake wodziwako za mafoni. Mnzakeyo anachita zanzeru ndithu, kungoti sanafike nazo kumapeto. Anasintha adiresi ya karautako kuti igwirizane ndi netiweki ya m'nyumbamo, n'kulemba kuti khomo ndi 192.168.88.1. Intaneti inabwerera ndipo onse anasangalala. Sanazimitse DHCP, sanakabweze ku mmene kanachokera ku fakitale, ndipo pasiwedi inatsala admin, dzina admin.

Ndisanazule chilichonse ndinalowa mu karautako n'kujambula masamba ake onse. Pa tsamba la DHCP, mabokosi a Primary DNS ndi Secondary DNS anali ndi manambala awiri aja. Mnzake uja titamuimbira anati anawaona, koma ankayesa kuti ndi mmene zimakhalira. Izi zikugwirizana ndi mmene zinthuzi zimachitikira. Tsamba loipa likatsegulidwa pa kompyuta kapena foni, limayesa mwakachetechete kulowa mu rauta kudzera pa maadiresi odziwika monga 192.168.0.1 ndi 192.168.1.1, pogwiritsa ntchito mapasiwedi a kufakitale, ndipo likalowa limasintha DNS. Karauta kokhala pa 192.168.88.250 si kophweka kukapeza mwa njira imeneyi. Kuweruza kwanga ndi kwakuti kanawoloka malire kali kodwala kale.

Chinyengochi n'chakale. Mu Novembala 2011 a FBI, mogwirizana ndi apolisi a ku Estonia, anagwira gulu lomwe linkayendetsa pulogalamu ya DNSChanger, yomwe inalowa m'makompyuta pafupifupi 4 miliyoni m'mayiko oposa 100 n'kupezera eni ake ndalama zokwana pafupifupi madola 14 miliyoni kudzera m'zotsatsa malonda. Anthu okhudzidwa anali ambiri moti khoti linalola kuti paikidwe maseva oona m'malo mwa abodzawo, kuopa kuti anthu angangodzuka opanda intaneti, ndipo maseva ogwirizirawo anazimitsidwa pa 9 Julayi 2012. Mu 2018 kunabuka GhostDNS, yomwe inagwira marauta oposa 100,000, ambiri mwa iwo ku Brazil, n'kumatumiza anthu ku masamba abodza a mabanki. Karauta ka mu shopu ndi kachidutswa chabe ka malonda omwewo, ndipo mwini seva ku Ulayako mwina sadziwa n'komwe kuti padziko pali malo otchedwa Mangochi.

Mawu a ejenti

Chinatsala ndi kumvetsa chifukwa chake m'mwamba vuto linkabwera ndi kupita. Kompyuta ikangoyaka ilibe adiresi. Imalengeza pa netiweki yonse kuti wogawa maadiresi ayankhe, ndipo kawirikawiri imatenga yankho lomwe layamba kufika. M'yankhomo mumakhala adiresi yake, khomo lotulukira, DNS yofunsako, ndi nthawi yomwe yabwerekedwa adiresiyo. Nthawiyo ikafika theka, kompyuta imabwerera kwa yemwe anaibwereka uja, osati kwa wina, kukapempha kuti awonjezere.

MikroTik inkabwereketsa adiresi kwa mphindi 10 zokha. Karauta kankabwereketsa kwa maola 24. Ndiye nditayang'ana kuseri kwa kabati mu ofesi ya bungwe ndinapeza kuti MikroTik ndi chimbale cha padenga zinalumikizidwa kudzera pa fridge guard. Amene anaika anali ndi cholinga chabwino, chifukwa magetsi akamabwera ndi mphamvu amaotcha zinthu, ndipo nyengo ya mvula kuno ziphaliwali sizinyengerera. Koma fridge guard imadikira kaye mphindi zingapo isanalole magetsi kudutsa. Switch ya pakhonde ndi karauta ka mu shopu zinali pa soketi ya pakhoma mwachindunji.

Tsono magetsi akazima kwa maola, ngongole ya mphindi 10 ija imakhala itatha kalekale. Akabwera, aliyense amathamangira kuyatsa kompyuta chifukwa ntchito yaima nthawi yaitali. Pa mphindi zimenezo MikroTik idakali chigonere, woyankha ndi karauta kokha, ndipo nyumba yonse imagwa m'manja mwake. Ikadzuka MikroTik intaneti imabwera, palibe yemwe waona kusiyana, koma makompyuta aja amapitiriza kukawonjezera nthawi kwa karauta, ndipo m'mawa mwake amapempha adiresi ya dzulo yomweyo. Chimawamasula ndi Loweruka ndi Lamulungu. Akakhala ozimitsa kupitirira maola 24, Lolemba amayambiranso kufunsa, magetsi alipo kale, ndipo m'mwamba MikroTik nthawi zambiri imayamba ndiyo kuyankha. Ku shopu karauta kali pafupi, ndipo mafoni olowa pa Wi-Fi yake amayamba kumva iko.

Mayi aja anafuna kuona ndi maso. Tinagwirizana nthawi ya nkhomaliro, aliyense anasunga ntchito yake n'kuzimitsa kompyuta, tinathimitsa magetsi a nyumba yonse pa main switch, tinadikira kuti mphindi 10 zija zidutse, n'kuyatsanso. Makompyuta onse omwe anayatsidwa nthawi yomweyo anaonetsa 192.168.88.250 pa DHCP Server. Ejenti sananene kanthu, anangoyang'ana uja wa vairasi yoyendera magetsi.

Panatulukanso nkhani ina yomwe palibe anaiganizira. Zida ziwirizi zinkagawa maadiresi kuchokera pa mndandanda wofanana, chilichonse osadziwa zomwe chinzake chapereka. Pulinta ya bungwe, yomwe ankaidandaula kuti yakalamba chifukwa imangosowa pa netiweki, inkalandidwa adiresi ndi mafoni a makasitomala a pansi.

Zomwe tinachita

Kupeza wolakwa mmodzi sikutanthauza kuti wina ndi wosalakwa, choncho MikroTik nayo ndinaifufuza. Mu Epulo 2018 kampaniyi inatseka chiboo cha mu Winbox, pulogalamu yoyendetsera marauta ake, chodziwika ndi nambala CVE-2018-14847, chomwe chinkalola munthu wakunja kuwerenga mapasiwedi kudzera pa doko 8291. Pofika Ogasiti chaka chomwecho marauta pafupifupi 200,000 osakonzedwa anali atalowedwa n'kumalowetsa m'masamba omwe anthu ankatsegula pulogalamu ya Coinhive, yomwe inkagwiritsa ntchito makompyuta awo kupangira akubawo ndalama za pa intaneti. Amene analowa kale amasiya zizindikiro: dzina lachilendo pa mndandanda wa ololedwa kulowa, ntchito yobisika mu scheduler, web proxy kapena SOCKS yoyatsidwa popanda wodziwa, lamulo la NAT lopatutsa doko 80, mayina olembedwa pamanja mu DNS. Ndinayang'ana monsemo ndipo munali moyera. RouterOS, pulogalamu yoyendetsa rautayo, inali yapambuyo pa kukonza kwa 2018, koma inali itatsalira, ndiye ndinaikweza, ndinasintha pasiwedi, ndinazimitsa telnet, FTP ndi API zomwe palibe ankazigwiritsa ntchito, ndipo Winbox ndinailola kuyankha kompyuta za mu ofesi yokha.

Karauta tinakazula. Pa kompyuta iliyonse tinalemba ipconfig /release, ipconfig /renew, kenako ipconfig /flushdns kuti mayankho abodza omwe inasunga afufutike. Mafoni tinangowachotsa pa Wi-Fi n'kuwalowetsanso. Browser nayo imasunga zake, makamaka tsamba likaiuza kuti lasamukiratu, choncho tinafufutanso cache, momwe imasungira zimenezo. Amene amadumpha sitepe imeneyi amayesa kuti ntchito yakanika pomwe yatheka.

Pa MikroTik ndinasintha zinthu zochepa. Nthawi yobwereka adiresi ndinaikweza kufika tsiku lathunthu, kuti kuzima kwa magetsi kwa masana kusamasiye makompyuta opanda mwini. Ndinaika lamulo loti funso lililonse la DNS lotuluka pa doko 53, kaya likupita kuti, lizibwezedwa kwa MikroTik yomweyo. Lamulo limeneli likanakhalapo kuyambira pachiyambi, karauta kakanangosokoneza pulinta koma sikakanasocheretsa munthu. Silikhudza DNS yodutsa mu HTTPS yomwe browser zamakono zimatha kugwiritsa ntchito, koma pa chinyengo cha mtundu uwu limakwana. Ndinayatsanso DHCP alert, yomwe imalemba mu log ikamva chida china chikugawa maadiresi. Imangonena, sitseka. Fridge guard tinaisiya pa malo ake, koma pakati pa iyo ndi rauta tinaikapo ka UPS kakang'ono ka 12V, kabatire kogwirizira magetsi, kuti rauta isamazime n'komwe pa kuthima kwa kanthawi, ndipo switch tinaisamutsira pa mzere womwewo kuti isamadzuke rauta isanadzuke.

Nkhani yovuta inali ya anthu. Mayi aja anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa, poti ndalama zofomatira zija zinatuluka m'thumba la bungwe. Ankafuna kuti shopu ichotsedwe pa intaneti tsiku lomwelo. Ine ndinaona mosiyana, ndipo ndinawauza. Mnyamatayo sanabe kanthu, amasonkha nawo mwezi uliwonse, ndipo anali atapempha kalekale kuti Wi-Fi ifike pansi koma pempho lake linangozungulira pakati pa mwini nyumba ndi alendi. Pomwe pali chosowa chenicheni chosayankhidwa, wina adzalumikiza kanthu kake, lero shopu, mawa wina wa m'mwamba momwemo. Komanso sizinali bwino kuyambira kale kuti foni ya munthu aliyense wodutsa mumsewu, wongofuna kupulinta CV, izikhala pa netiweki imodzi ndi kompyuta yosunga mayina ndi manambala a foni a asodzi mazanamazana. Tinachotsa waya wa shopu pa switch, n'kuupatsa doko lakelake pa MikroTik, ndi maadiresi ake a 192.168.20, ndi lamulo loti mbali ziwirizi zisaonane. Shopu inagula access point yatsopano, chida choulutsira Wi-Fi, ndipo Wi-Fi ya makasitomala ili payokha.

Karauta ka ku Joni ndinakabweza ku fakitale, manambala aja anachoka, koma ndinalangiza kuti kasabwererenso pa netiweki. Kampani yake inasiya kalekale kutulutsa firmware, pulogalamu ya m'kati mwa rauta, ya mtundu umenewo, kutanthauza kuti chiboo chilichonse chomwe kali nacho chidzakhalapo mpaka kalekale.

Aliyense yemwe analowapo pa imelo, pa banki kapena pa tsamba lililonse la ntchito kuchokera m'nyumbamo anasintha pasiwedi, ndipo pomwe zinali zotheka tinayatsa chitsimikizo chachiwiri cha pa foni. Ena anadandaula kuti ngati mabanki sanakhudzidwe ndiye tikuvutikiranji. Yankho langa linali loti ndinaona mayankho a tsiku limodzi, pomwe karauta kanakhalapo miyezi. Ejenti ntchito yake imadutsa pa SIM, siidalira Wi-Fi, choncho ndalama za makasitomala sizinali pa ngozi. Koma limodzi mwa masamba a mphatso aja linkapempha nambala ya foni ndi PIN, ndiye ndinafunsa aliyense payekhapayekha, osati pagulu, ngati analembapo. Pagulu munthu savomera zotere. Panapezeka mmodzi, ndipo anasintha PIN pomwepo. Palibe ndalama yomwe inasowa. Ikanasowa, nkhaniyi ikanapita kupolisi ndi ku Malawi CERT, nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti, yomwe ili pansi pa MACRA malinga ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo zithunzi zomwe ndinajambula mu karauta zikanakhala umboni. Ndi chifukwa chake sindifulumira kudina batani la reset.

Kompyuta imodzi inakana kuchira. Inali yaikulu ya mu shopu, yomwe idakali pa Windows 7 chifukwa cha pulinta yakale, ngakhale Microsoft inasiya kuisamalira Windows imeneyi pa 14 Januwale 2020. Netiweki ili yoyera, ipconfig ikuonetsa zolondola, iyo inkatsegulabe masamba a kubetcha. Mtsikana wa mu shopu anakumbukira kuti tsiku lina tsamba linamuuza kuti aike browser yatsopano, ndipo anadina chifukwa kasitomala ankafulumira. Mu Chrome munali extension yomwe batani lake lochotsera linali lofooka, ndipo pa menyu panalembedwa kuti browser ikuyang'aniridwa ndi bungwe lanu, pomwe shopuyo ilibe bungwe lililonse. Pa chrome://policy panaoneka lamulo lokakamiza extension imeneyo. Mu Task Scheduler munali ntchito yoibwezeretsa ola lililonse ikachotsedwa, ndipo masamba angapo achilendo anali ataloledwa kutumiza mauthenga pa kona ya sikirini ngakhale browser ili yotseka. Pa makompyuta 11 onse, yoyenera kufomata inali imeneyi yokha, ndipo siinali m'gulu la anayi aja. Zonsezi zikanatheka kuzula pamanja, koma pa Windows yopanda chisamaliro, yolandira mafulashi a anthu tsiku lonse, sindikanaikira umboni kuti zatha. Tinaika Windows yatsopano, ndipo dalaivala ya pulinta inapezeka.

Posamutsa mafayilo ndinapeza foda ya zinthu zosikana: zitupa za unzika, masatifiketi a MSCE, mapasipoti, makalata a kuchipatala, za anthu omwe anabwera kamodzi zaka zapitazo n'kupita. Mnyamatayo anati amasunga kuti mwina mwini wake adzafunanso. Mashopu ambiri otere amachita chimodzimodzi, kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay, ndipo cholinga chawo n'chabwino, koma kompyuta yomwe yangopezeka ndi pulogalamu ya mlendo si malo osungira chitupa cha munthu. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo silinena za mabanki ndi makampani a mafoni okha. Tinagwirizana kuti zosikana zizifufutidwa kasitomala akangolandira zake.

Kuchokera nthawi imeneyo magetsi azima ndi kubwera kambirimbiri ndipo masamba sanasocherenso. Pulinta ya bungwe, yomwe tsopano ili ndi adiresi yokhazikika, inachotsedwa pa mndandanda wa zogula chaka chamawa. DHCP alert yalirapo kamodzi: intaneti ya padenga itaduka kwa tsiku, wogwira ntchito wina wa bungwe lomwelo anabweretsa rauta yake ya 4G n'kuilumikiza ndi waya pa switch kuti anzake apindule nawo. Inali yoyera, koma inayamba kugawa maadiresi a 192.168.8, ndipo theka la ofesi linasiya kuona pulinta. Mayi aja anaipeza okha, atalemba ipconfig /all n'kuona nambala yachilendo pa DHCP Server, ndipo anandiimbira atazula kale. Chomwe chingatseke khomo limeneli kotheratu ndi switch yokhala ndi DHCP snooping, yomwe imakana yankho la DHCP lochokera pa doko lililonse kupatula la rauta. Mtengo wake ndinawapatsa. Alendi sanagwirizanebe kuti agawana bwanji, chifukwa bambo owerengera ndalama akuti kompyuta yawo sinadwalepo.